Chilumba cha Ndende ku Zanzibar: ndende yomwe sinalandirepo mkaidi

Anthu akapita kokapuma ku Zanzibar, zithunzi zomwe amaponya pa Facebook zimakonda kufanana: mchenga woyera, madzi oonekera mpaka pansi, kenako munthu atanyonyomala pambali pa kamba wamkulu modabwitsa. Pansi pake amalemba kuti ali ku Prison Island, kutanthauza chilumba cha ndende. Ndemanga zikayamba kubwera, wina amati zipinda zikuonekazo ndi zomwe Aluya ankatsekeramo akapolo. Wina, pofanizira ndi chilumba cha ku South Africa komwe anatsekera Mandela, amati ameneyu ndiye Robben Island wa ku Tanzania, komwe atsamunda ankaponyako andale ovuta.

Wachiwiriyu waphonya kotheratu, chifukwa chilumbachi sichinali ndende ya andale ya atsamunda. Woyambayo wagwirako mbali imodzi. Akapolo anasungidwadi pachilumbachi, koma osati m'zipinda zimenezo. Makoma omwe alendo amajambula anamalizidwa mu 1894, patatha zaka 21 msika wa akapolo wa ku Zanzibar utatsekedwa, ndipo palibe mkaidi ndi mmodzi yemwe amene anagonamo. Anthu omwe anakhaladi pachilumbachi mosafuna ndi amagulu awiri: ena anafikapo ndende isanamangidwe, ena anafikapo ndendeyo itasanduka chipatala.

## Chilumbacho

Dzina lake lenileni ndi Changuu, ndipo linachokera ku nsomba ina yopezeka kwambiri m'madzi ozungulira malowo. Pamapu ena akale chinalembedwa kuti Kibandiko. Chili pamtunda wa makilomita 5.6 kumpoto chakumadzulo kwa Stone Town, womwe ndi mzinda wakale wa pachilumba chachikulu cha Unguja. Paboti ya injini ndi ulendo wosapitirira theka la ola nyanja ikakhala bata. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 800, ndipo pomwe patambalala kwambiri ndi mamita 230 okha. Munthu wosathamanga amachizungulira chonse asanamve ludzu.

Nkhani ya ludzuyo ndi yomwe ikufotokoza chifukwa chake panalibe mudzi. Changuu palibe mtsinje kapena kasupe. Pansi pake ndi mwala wa korali, mwala umene umapangika m'nyanja kuchokera ku zigoba za tizamoyo ting'onoting'ono, ndipo ndi wamabowomabowo moti mvula ikagwa madzi amangolowerera. Asodzi akhoza kuima pamenepo n'kupumula, koma banja silingakhazikike popanda chitsime. Choncho mpaka zaka za m'ma 1860 pachilumbachi sipankakhala anthu, ndipo aliyense amene anakhalapo pambuyo pake ankadalira madzi obwera nawo kapena a mvula osungidwa m'mathanki a pansi pa nthaka. Mwala wa koraliwo unali ndi ntchito ina: anthu ankaukumba n'kupita nawo kukamangira nyumba, ndipo maenje ake anatsala.

## Ndende isanamangidwe

Kuti timvetse chomwe chinachitika m'zaka za m'ma 1860, tiyenera kuyamba ndi Zanzibar weniweniyo. Seyyid Said, yemwe ankalamulira dziko la Oman, anasamutsira likulu lake ku Zanzibar kuchoka ku Muscat cha m'ma 1840. Chuma cha kumeneko chinali pa zinthu zitatu zolumikizana: minyanga ya njovu, akapolo, ndi karafuu, timaluwa touma tonunkhira tomwe amakometsera zakudya. Minda ya karafuu ku Unguja ndi ku Pemba inkafuna manja ambiri pokolola, ndipo manjawo anali a akapolo. Ena ankatumizidwa kutsidya kwa nyanja, ku Arabia ndi ku Persia. Said atamwalira mu 1856 ufumu wake unagawikana pakati pa ana ake. Thuwaini anatenga Oman, ndipo Majid anakhala Sultani woyamba wa Zanzibar payekha, mpaka imfa yake mu 1870. Majid yemweyu ndi amene anayambitsa mzinda wa Dar es Salaam.

Ena amadabwa kuti malonda amenewa ankachitika bwanji poyera pomwe Angerezi anali atayamba kale kuwaletsa. Yankho lake ndi loti mapangano oyambirira sanathetse malondawo, anangowaikira malire. Pangano la 1845 linaletsa kutumiza akapolo kunja kwa madera a Sultani, koma linalola kuwasamutsa m'kati mwa maderawo, monga kuchoka kudoko la Kilwa, m'gombe lomwe lero ndi la Tanzania, kupita ku Zanzibar. Chombo chodzadza ndi anthu omangidwa chinkatha kudutsa pafupi ndi sitima yankhondo ya Angerezi popanda kuphwanya lamulo lililonse, bola chikhale m'njira yololedwa.

Ndi m'nyengo imeneyi pomwe Majid anapereka Changuu kwa Aluya awiri ochita malonda a akapolo. Iwo anasandutsa chilumbachi malo osungirako akapolo omwe ankawatcha osamvera, asanawagulitse pamsika wa ku Stone Town kapena kuwatumiza kunja. Mawu akuti osamverawa ndi a eni malonda. Kwa iwo, wosamvera anali munthu wokana kugwira ntchito, wofuna kuthawa, kapena wolimbikitsa anzake kuukira. Munthu wotere m'tauni ankafunika unyolo ndi mlonda usana ndi usiku. Pachilumba chopanda madzi akumwa, chozunguliridwa ndi nyanja, wogwira bwato ndi mtsuko wa madzi anali atagwira zonse.

Apa ndi pomwe mbiri ya chilumbachi imakhudzana ndi yathu. Njira imodzi yaikulu ya malondawa inkayambira kunyanja ya Malawi. Ku Nkhotakota kunakhazikika Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, cha m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkaolotsa anthu ndi minyanga kupita kutsidya la kum'mawa. Kuchoka kumeneko unali ulendo wapansi wa miyezi kukafika ku Kilwa, kenako pachombo kupita ku Zanzibar. Mafumu ena a kum'mwera ndi kum'mawa kwa nyanjayi, monga Mponda, Makanjira ndi Mataka, ankachita nawo malondawa. Ochokera kuno anali ambiri ku Zanzibar moti anali ndi dzina lawolawo, Wanyasa. David Livingstone anakumana ndi Jumbe ku Nkhotakota m'zaka zomwezo za m'ma 1860, ndipo mtengo womwe amati anakumanirapo anthu amakauonabe.

Mnzake wa Livingstone paulendo wa ku Zambezi ndi Shire, John Kirk, yemwe mapiri a Kirk Range amatchedwa dzina lake, ndi amene pambuyo pake anakhala kazembe wa Britain ku Zanzibar. Mu 1873 iye anauza Sultani Barghash, yemwe analowa m'malo mwa Majid, kuti akakana kusaina pangano latsopano sitima zankhondo zitseka doko. Barghash anasaina mu Juni chaka chomwecho. Msika unatsekedwa, kutumiza akapolo panyanja kunaletsedwa, ndipo pamalo a msikawo amishoni achingerezi a bungwe la UMCA anamangapo tchalitchi chachikulu cha Anglican chomwe chilipobe. Amishoni amenewa ndi omwe aja anayambira ku Magomero mu 1861, n'kusamukira ku Zanzibar zinthu zitavuta, kenako n'kubwereranso kudzakhazikika ku Likoma.

Tisasokoneze kutseka msika ndi kumasula akapolo. Omwe anali kale m'minda ya karafuu anakhalabe akapolo, ndipo malonda obisa anapitirira, umboni wake ndi chipinda cha pansi cha ku Mangapwani, kumpoto kwa Stone Town, komwe ankabisako anthu. Lamulo loti makhoti asavomerezenso ukapolo linabwera mu 1897, ndipo mbali zomwe linasiya zinamalizidwa mu 1909.

## Mathews ndi ndende ya 1894

Mu 1890 Britain ndi Germany anagwirizana zogawana madera, ndipo Zanzibar inakhala pansi pa chitetezo cha Britain, chaka chimodzi dziko lathu lisanalowe m'dongosolo lofananalo. Sultani anakhalabe pampando, koma boma linkayendetsedwa ndi Angerezi. Yemwe anali pakatikati pa zonse anali Lloyd Mathews. Iyeyu anafika ku Zanzibar ngati msilikali wapamadzi wosaka zombo za akapolo, mu 1877 anabwerekedwa kwa Barghash kuti amuphunzitsire gulu lankhondo, ndipo mu 1891 anakhala nduna yaikulu ya Sultani.

Mu 1893 Mathews anagula Changuu m'malo mwa boma kuchokera kwa eni ake achiluya aja. Cholinga chinali kumangapo ndende ya zigawenga zoopsa ndi anthu obwerezabwereza milandu ochokera kumtunda. Kumtunda kwake kuti? Sultani panthawiyo anali adakali mwini wa kachigawo kakang'ono ka m'mphepete mwa nyanja, ka makilomita 16 kulowa m'kati, komwe lero ndi gombe la Kenya kuphatikizapo Mombasa. Akaidi ochokera kumeneko ndi omwe ankayenera kubwera ku Changuu.

Nyumbazo zinatha mu 1894, zipinda zake zili m'mizere, zitseko ndi mazenera zili zandende. Akaidi sanabwere. Boma linaona kuti pali chinthu china chofunika kuchitsekera kunja kwa tauni kuposa akuba, ndipo chinthucho chinali matenda obwera ndi sitima. Mathews mwiniwake anamwalira ndi malungo ku Zanzibar mu 1901. Dzina loti chilumba cha ndende linakakamira basi, ngakhale kuti mu 1923 boma linachitcha Quarantine Island, kutanthauza chilumba cha mbindikiro. Ochititsa alendo masiku ano amakonda dzina la ndendelo, ndipo n'zomveka: ndani angalipire boti kuti akaone malo a mbindikiro?

## Mmene mbindikiro unkayendera

Mbindikiro tonse tinaudziwa nthawi ya Covid-19, koma ndi bwino kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza. Kupatula wodwala ndi kumuika payekha munthu amene matenda aoneka kale. Mbindikiro ndi kusunga munthu wooneka wabwinobwino, amene anali pafupi ndi matenda, mpaka nthawi yomwe matendawo amatenga kuti aonekere itadutsa. Wobindikiritsidwa sanalakwe kanthu ndipo mwina sakudwala n'komwe. Akungodikira kuti thupi lake lionetse ngati muli kanthu.

Njirayi si ya Angerezi. Mzinda wa Ragusa, womwe lero ndi Dubrovnik, unalamula mu 1377 kuti ochokera kumadera a mliri adikire masiku 30 asanalowe, ndipo Venice inatsegula malo otere pachilumba mu 1423. Kuyambira kalelo madoko akhala akusankha zilumba pantchitoyi, pachifukwa chomwe amalonda a akapolo aja anasankhira Changuu. Omwe anatsatira nkhani mu Meyi 2020 akukumbukira kuti anthu oposa 400 obwera kuchokera ku South Africa, omwe anasungidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre kudikira zotsatira za kuyezedwa, anatuluka n'kumapita kwawo, ena akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Mpanda umadumphika. Makilomita asanu a nyanja sadumphika, ndipo boma silifunika kulemba alonda ambiri.

Zanzibar inali ndi chifukwa choopera. Panthawiyo Stone Town linali doko lalikulu la kum'mawa kwa Africa, ndipo ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869 sitima zinachuluka komanso zinkafika msanga. Kufika msanga kwa sitima kuli ndi vuto lake: paulendo wautali matenda amaonekera anthu adakali panyanja, pomwe paulendo waufupi munthu amatsika padoko asanadziwe kuti watenga kanthu. Kolera anapha anthu miyandamiyanda m'tauniyi mu 1869 ndi 1870. Nthomba inali yosasowa. Mu 1896 mliri wa makoswe unabuka ku Bombay, mzinda womwe amalonda ake ankabwera ku Zanzibar chaka ndi chaka, ndipo chaka chomwecho ntchito yomanga njanji yochoka ku Mombasa kupita ku Uganda inayamba kubweretsa antchito zikwizikwi ochokera ku India. Mliriwo unafikadi ku Zanzibar mu 1905.

Choncho ndende ija inasanduka chipatala cha pamalo a mbindikiro, otumikira madera onse a Britain kum'mawa kwa Africa. Sitima ikafika ndi wodwala, kapena ikachokera kudoko komwe kuli mliri, okayikiridwa ankatsitsidwa n'kupita nawo ku Changuu. Ankakhalako sabata imodzi kapena ziwiri akuyang'aniridwa, ndipo ngati palibe chaoneka ankaloledwa kupitiriza ulendo. Mu 1931 anamanga nyumba zina zatsopano kum'mwera chakumadzulo kwa chilumbachi, ndipo malowo anafika potha kusunga anthu 904 nthawi imodzi. Taganizirani anthu 904 pakamtunda ka mamita 800, onse akumwa madzi a mvula a m'thanki.

Nthenda yomwe inkayang'aniridwa kwambiri inali yellow fever. Imayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi, ndipo imabwera ndi kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'thupi. Ambiri amachira pakapita masiku ochepa, koma mwa ena imabwereranso mwamphamvu n'kugwira chiwindi, maso ndi khungu zimachita chikasu, munthu amasanza magazi, ndipo mwa ofika pamenepa ambiri amamwalira. Imafala ndi udzudzu wotchedwa Aedes aegypti, wosiyana ndi wa malungo uja: uwu umaluma masana ndipo umaswana m'madzi osungidwa m'ziwiya. Migolo ya madzi akumwa m'zombo inali malo ake abwino, n'chifukwa chake nthendayi inkayenda ndi sitima. Munthu akalumidwa pamatenga masiku atatu mpaka asanu ndi limodzi kuti adwale, ndiye sabata imodzi kapena ziwiri zinali zokwanira kudziwa.

Chodabwitsa n'chakuti pomwe Changuu ankayamba ntchitoyi, madokotala ambiri sankakhulupirira zoti udzudzu ndiwo umafalitsa nthendayi. Dokotala wa ku Cuba, Carlos Finlay, ananena zimenezi mu 1881 koma anthu sanamumvere, mpaka gulu la Walter Reed linatsimikiza mu 1900. Angerezi analinso ndi mantha ena aakulu. Udzudzu wa Aedes aegypti ndi wochuluka ku India ndi kumadera ena a Asia, koma yellow fever sinakhazikikeko. Doko lolumikiza Africa ndi Bombay linali khomo lomwe ankaopa kuti nthendayi ingadutsirepo.

## Miyezi yomwe kunalibe odwala

Ntchito ya mbindikiro inkayendera mphepo. Asodzi a kunyanja kwathu amadziwa kuti mwera uli ndi miyezi yake ndipo mpoto uli ndi yake. Panyanja yamchere ya India ndi chimodzimodzi, kungoti kumeneko mphepo ndiyo inkalamula malonda a mayiko. Kuyambira Disembala mpaka Malichi kumaomba kaskazi, yochokera kumpoto chakum'mawa, yomwe inkakankha zombo zamatanga kuchoka ku Arabia, Persia ndi India kubwera ku Zanzibar. Kuyambira cha mu Epulo mphepo imatembenuka n'kukhala kusi, yobwezera zombozo kwawo. Alendo ambiri, ndi matenda awo, ankafika m'nyengo ya kaskazi.

Miyezi yotsalayo chilumba chinkakhala chopanda obindikiritsidwa, ndipo Azungu ndi anthu ena a m'tauni ankapitako kokapuma. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anamangako nyumba ya alendo yotchedwa European Bungalow. Maenje okumba korali aja anawayeretsa n'kukhala mosambira. Chiwerengero cha opitako chinkachepetsedwa dala, chifukwa cha madzi omwe aja.

## Nanga akamba anachokera kuti?

Akambawa si a ku Zanzibar. Kwawo ndi ku Aldabra, chilumba cha dziko la Seychelles komwe kuli akamba amtunduwu pafupifupi 100,000. Wamphongo wamkulu amatha kulemera makilogalamu 250, ndipo kukhala zaka zoposa 100 si chachilendo kwa iwo. Mu 1919 bwanamkubwa wachingerezi wa ku Seychelles anatumiza anayi ngati mphatso, ndipo pachilumba chopanda chilombo chowadya anaswana mpaka kufika pafupifupi 200 mu 1955.

Kenako anayamba kusowa. Anthu ankawaba kukagulitsa kunja kwa oweta nyama zachilendo, ena kukadya. Mu 1988 anatsala pafupifupi 100, mu 1990 anali 50, ndipo pofika 1996 anatsala asanu ndi awiri okha. Chaka chimenecho anabweretsa ana a kamba 80 kuti achulukenso, koma theka la iwo linasowanso. Kamba wamkulu ndi wovuta kumunyamula, koma mwana wake amakwana m'thumba, ndipo nyanja yomwe inkatsekereza anthu opanda bwato siitsekereza wakuba wobwera ndi lake. Boma la Zanzibar, mothandizidwa ndi bungwe loteteza nyama la World Society for the Protection of Animals, linamanga mpanda waukulu, ndipo pofika 2000 panali akuluakulu 17, achisodzera 50 ndi ana 90.

Mukalowa mumpandamo lero mumawapeza atagona pamthunzi kapena m'matope, ena atalembedwa manambala ndi penti pachigoba. Mukamuonetsa masamba amatukula mutu pang'onopang'ono, ndipo mukamukanda pakhosi amaimirira ndi miyendo yonse inayi n'kutambasula khosilo, kungoti zii. Zala muzisamale, pakamwa pake palibe mano koma m'mphepete mwake ndi mwakuthwa. Nkhanga zamtundu wa pikoko zimangoyendayenda pakati pawo.

## Chomwe chinalowa m'malo mwa chilumba

Mbindikiro wa pa Changuu sunathe ndi lamulo limodzi. Unangosowa ntchito. Mu 1937 Max Theiler, wobadwira ku South Africa, anapanga katemera wa yellow fever yemwe akugwiritsidwabe ntchito mpaka pano, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1951. Apaulendo anayamba kukwera ndege, Mombasa ndi Dar es Salaam analanda Zanzibar udindo wa doko lalikulu, ndipo ufumu wa Sultani unagwa pa kuukira kwa mu Januwale 1964, miyezi itatu Zanzibar isanaphatikizane ndi Tanganyika kupanga Tanzania. Chilumbachi chinatsala m'manja mwa boma ngati malo okopa alendo. Nyumba za mbindikiro zinasanduka zogona alendo, ndipo European Bungalow ija inakhala malo odyera otchedwa dzina la Mathews. Mudzi palibe mpaka lero, opezekapo ndi ogwira ntchito ndi odzacheza.

Ntchito yomwe chilumbachi chinkagwira tsopano imagwiridwa ndi kakhadi kachikasu ka katemera komwe amafunsa pabwalo la ndege kapena pachipata cha dziko. Tanzania imafuna khadili kwa ochokera kumayiko omwe kuli chiopsezo cha yellow fever. Malawi sali m'gulu limenelo, koma Kenya ndi Ethiopia ali momwemo, choncho amene wadikira ndege maola oposa 12 ku Nairobi kapena ku Addis Ababa akhoza kufunsidwa akafika ku Zanzibar. Kale khadili linkatha mphamvu pakapita zaka 10. Kuyambira mu Julaye 2016, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati kubayitsa kamodzi n'kokwanira moyo wonse, ndipo khadi limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni.